Mwatumiza mafomu ku sukulu ya PA ku America, yankho silikubwera: muchite chiyani?

[Wolankhula akuonekera pa kamera]

Moni nonse, takulandirani. Nkhani ya lero ndi ya inu amene munatumiza kale mafomu ku sukulu za physician assistant, mwachidule PA, ku United States, ndipo panopa foni ikangolira mtima ukuti phaa, mukuganiza kuti mwina ndi iwo. Ndiponso ndi ya makolo, azakhali ndi amalume amene muli ndi mwana wotero m'nyumba, mukumuona akuonda osadwala.

Kwa amene simuidziwa ntchitoyi, PA ndi munthu amene amaona odwala, kuwayeza, kupeza matenda, kulemba mankhwala, ngakhale kuthandiza pa opaleshoni, koma amagwira ntchito mogwirizana ndi dokotala. Kwa ife ochokera ku Malawi ndi ku Zambia sizachilendo kwenikweni, chifukwa tinakula tikuonedwa ndi ma clinical officer, amene m'zipatala zambiri za m'maboma ndiwo amanyamula katundu wolemera. Ku America ntchitoyi inayamba mu 1965 pa Duke University, pamene Dr. Eugene Stead anatenga amuna anayi amene anali othandiza odwala m'gulu la asilikali apamadzi n'kuyamba kuwaphunzitsa. Atatu mwa iwo anamaliza pa 6 Okutobala 1967. Lero sukulu zovomerezeka zapitirira 300, maphunziro amatenga miyezi pafupifupi 27, ndipo munthu amatuluka ndi digiri ya masters. Malipiro apakati amaposa madola 130,000 pachaka. Apa ndiye mwamvetsa chifukwa chake khomo lake lili ndi chipwirikiti.

[Pa sikirini: kalendala, kuyambira Epulo]

Tiyambe ndi funso limene limasowetsa anthu tulo: n'chifukwa chiyani yankho limachedwa chonchi?

Sukulu zambiri zimalandira mafomu kudzera pa CASPA, tsamba la pa intaneti lotumizirapo mafomu ku sukulu za PA, imene imatsegulidwa kumapeto kwa Epulo chaka chilichonse. Mumalemba kamodzi, n'kusankha sukulu zimene mukufuna. Yoyamba mumalipira madola oposa 180, ndipo iliyonse yowonjezera pafupifupi 60. CASPA ikalandira zonse imayamba yatsimikizira magiredi anu, kenako n'kutumiza ku masukulu. Kuchokera pamenepo sukulu iliyonse imayenda ndi wotchi yake. Ina imayamba maphunziro mu Januwale, ina mu Meyi kapena Juni, ina mu Ogasiti. Zambiri sizidikira tsiku lotseka kuti ziyambe kusankha. Zimawerenga mafomu momwe akubwerera, kuitana anthu ku intaviyu, n'kumapereka malo pang'onopang'ono. Choncho mnzanu amene munatumiza naye sabata imodzi akhoza kulandira uthenga wabwino mu Ogasiti, inu n'kukhala chete mpaka Febuluwale, osati chifukwa mwakanidwa, koma chifukwa fomu yanu ili pa mulu wina, pa sukulu ina. Ndipo sukulu ya malo 40 kapena 50 imatha kulandira mafomu opitirira 1,000.

Palinso chinthu chimene ine ndimachiona ngati chosalongosoka: sukulu zina siziyankha n'komwe mpaka kalasi itadzaza. Munthu walipira ndalama zake, bwanji osangomuuza? Koma ndi mmene zilili.

Tsopano, mndandanda wa odikira. Mukauzidwa kuti muli pa mndandandawu, ndiye kuti anakuonani kuti mungathe, koma malo atha. Mndandandawu umayenda chifukwa anthu amphamvu amalandiridwa ku sukulu ziwiri kapena zitatu. Amalipira ndalama yogwirira malo, imene nthawi zambiri sibwezedwa, kenako sukulu imene amaifuna kwambiri ikawaitana, amasiya malo oyamba aja. Malo amenewo ndi amene amagwera inu. N'chifukwa chake ena amaimbiridwa foni kutatsala masabata ochepa kuti maphunziro ayambe, n'kuuzidwa kuti ayankhe msanga. Ngati muli pa mndandanda, funsani ngati amaika anthu motsatana ndi manambala kapena ayi, ndipo funsani ngati amalola kalata yowauza zatsopano, monga maola ogwira ntchito ndi odwala amene mwawonjezera kapena kosi imene mwamaliza. Akati ayi, musatumize. Akati inde, tumizani kalata imodzi yaifupi yokhala ndi zenizeni. Kuwaimbira sabata iliyonse sikukweza dzina lanu.

[Wolankhula akuonekeranso]

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Anthu akamati "ndili ndi pulani ina", amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Pali zimene mumachita kuti chaka chamawa mudzalembenso muli amphamvu. Palinso njira imene mumatenga mukaganiza zosiya za PA. Muyenera kudziwa kuti mukuchita iti, ndipo muzisankhe yankho lisanabwere. Munthu amene wangolandira kalata yokanidwa saganiza bwino. Amatha kulembetsa digiri ya madola masauzande makumi usiku womwewo, n'cholinga choti akhale ndi choyankha pa gulu la WhatsApp la pabanja.

Tiyambe ndi yoyamba, yolembanso. Pali zinthu ziwiri zimene mungathe kusintha m'miyezi yodikirayi: maola ndi magiredi.

Maola amene sukulu zimawerengera kwambiri ndi amene munagwira odwala ndi manja anu. CASPA imasiyanitsa maola amenewa ndi maola ongogwira ntchito m'chipatala, monga kulandira anthu pa desiki kapena kusunga mafailo. Sukulu zina sizitchula nambala, zina zimafuna 500, zina 1,000, zina 2,000, koma amene amalandiridwa nthawi zambiri amakhala ndi ochuluka kuposa amene alembedwa. Ntchito zodziwika ndi EMT, amene amayenda mu ambulansi, CNA, amene amathandiza anesi kusamalira odwala, medical assistant, ndi otenga magazi. Ambiri a ife okhala ku America tinayambira pa CNA, m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo ena amachita nayo manyazi. Musatero. Malamulo a boma la America amangofuna maola 75 a maphunziro kuti munthu ayambe ntchitoyi, ngakhale zigawo zina zimafuna ochulukirapo, koma zimene mumaphunzira potembenuza gogo amene sangathe kudzuka, kapena kuzindikira kuti lero sakupuma ngati dzulo, ndi zomwezo zimene amafunsa pa intaviyu. Mukagwira maola 40 pa sabata kwa chaka, mwapeza pafupifupi 2,000. Chenjezo limodzi: ntchito ya scribe, yolemba zimene dokotala akunena, sukulu zina zimaiwerengera, zina ayi. Onani pa tsamba la sukulu iliyonse musanasiye ntchito yanu.

Pa magiredi pali msampha. Sukulu zambiri zimalemba kuti GPA, kutanthauza avereji ya magiredi anu, yochepetsetsa ndi 3.0, koma olandiridwa ambiri amakhala cha m'ma 3.5 ndi 3.6. Ndiye wina amati, ndibwereza organic chemistry imene ndinapeza C, koleji yanga ifufuta giredi yakale. Koleji ikhoza kufufuta, CASPA sifufuta. Imawerengera magiredi onse awiri. Choncho kubwereza kosi kumakweza GPA pang'ono chabe. Chimene chimathandiza n'kuonetsa kuti panopa mukutha: tengani makosi a sayansi apamwamba, monga biochemistry, genetics kapena pathophysiology, mupeze A. Komanso yang'anani zaka za makosi anu. Sukulu zina sizilandira anatomy ndi physiology zimene munaphunzira zaka zoposa zisanu, zisanu ndi ziwiri kapena khumi zapitazo. Munthu akhoza kulembanso kachitatu osadziwa kuti chimene chikumugwetsa ndi kosi yokalamba.

Nkhani yanu ya zilembo 5,000 ya pa fomu ya CASPA, yofotokoza chifukwa chake mukufuna kukhala PA, ilembeninso mwatsopano, ndipo pezani PA mmodzi amene wakuonani mukugwira ntchito kuti akulembereni kalata. Zimenezi sindichedwapo.

[Pa sikirini: njira zina]

Tsopano njira yachiwiri, yosiya. Funso lofunika si lakuti ndi ntchito iti imafanana ndi PA. Funso ndi lakuti, mu ntchito ya PA munkafunamo chiyani?

Ngati munkafuna kupeza matenda ndi kulemba mankhwala, njira yodziwika ndi ya unesi. Amene muli kale ndi digiri yoyamba mukhoza kulowa accelerated BSN, digiri ya unesi yofulumira, imene imatenga miyezi pafupifupi 12 mpaka 18, kulemba mayeso a NCLEX opezera laisensi ya unesi, kuyamba kulandira malipiro a nesi, kenako n'kupitiriza kukhala nurse practitioner, nesi wa maphunziro apamwamba amene amapeza matenda ndi kulemba mankhwala. M'zigawo zoposa theka za America, nurse practitioner amaloledwa kugwira ntchito popanda kuyang'aniridwa ndi dokotala. Koma dziwani kusiyana kwake. PA amaphunzira mbali zonse, ndipo akhoza kuchoka ku opaleshoni ya mafupa n'kupita ku matenda a khungu osabwereranso ku sukulu. Nurse practitioner amasankha gulu la odwala akadali pa sukulu, kaya mabanja, ana kapena matenda a maganizo, ndipo kusintha kumafuna maphunziro ena. Chinanso, musalowe unesi ngati mlatho chabe. Mudzagwira usiku, maola 12, mudzasambitsa anthu, mudzatukwanidwa ndi achibale a odwala. Amene amaipeputsa ntchitoyi amaonekera msanga, ndipo anesi anzawo sawachedwera.

Ngati chimene chinkakukokani ndi changu cha chipinda cha odwala kwambiri, yang'anani respiratory therapy. Ndi zaka ziwiri pa community college, ndipo awa ndi anthu amene amayendetsa makina othandiza kupuma, amene dziko linawadziwa bwino nthawi ya COVID-19. Ubwino wake ndi wakuti maola ake sukulu za PA zimawalemekeza kwambiri, choncho khomo loyamba lija silitsekeka. Paramedic nayenso ndi chimodzimodzi. Ngati mumakonda chipinda cha opaleshoni ndipo sayansi yanu ndi yolimba, pali anesthesiologist assistant, wothandiza dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni, digiri ya masters, koma amaloledwa kugwira ntchito m'zigawo zina zokha, ndiye onani kaye kumene mukufuna kukhala.

Nanga udokotala weniweni? Ndimamva anthu akuti, PA ikakanika ndiyesa medical school. Abale anga, kumeneko n'kuthawa mvula n'kukabisala m'nyanja. Pamafunika mayeso a MCAT olowera ku sukulu ya udokotala, zaka zinayi za sukulu, kenako residency, maphunziro ochitira m'chipatala, ya zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri. Ngati kudikiraku kwakuonetsani kuti mtima wanu unali pa udokotala kuyambira kale, pitani, koma mudziwe kuti mwasankha phiri lalitali.

Digiri ya public health ndi yabwino kwa amene akufunadi ntchito ya umoyo wa anthu ambiri. Kuitenga pongofuna kukongoletsa fomu ya PA, ine sindikulimbikitsani. Ndi ngongole yaikulu, ndipo sibisa magiredi ofooka a sayansi.

[Wolankhula akuyandikira kamera]

Ndalama. Sukulu zambiri zomwe si za boma zimafika kapena kupitirira madola 100,000 pa fizi yokha, ndipo zimakuuzani poyera kuti musagwire ntchito muli pa maphunziro. Ngongole za boma la America zimaperekedwa kwa nzika ndi kwa ena ololedwa, monga amene ali ndi green card. Lamulo limene linavomerezedwa mu 2025 linakhazikitsanso kuti ngongole ya Grad PLUS, imene ambiri ankadalira, isaperekedwenso kwa obwereka atsopano kuyambira pa 1 Julayi 2026. Ndiye miyezi yodikirayi ndi nthawi yosunga. Ndikudziwa kuti kumudzi akudikira fizi ya ana ndi feteleza. Kambiranani nawo panopa kuti mukalowa sukulu, zaka ziwiri ndi miyezi ingapo dzanja lanu lidzafupika.

Kwa inu ma clinical officer ndi madokotala amene munaphunzira kwathu, kaya ku Malawi College of Health Sciences, ku Malamulo kapena ku Chainama ku Lusaka, imvani bwino apa. Ngakhale mutachita maopaleshoni a amayi oyembekezera ochuluka bwanji, simungalembe mayeso a PANCE, amene amapatsa munthu dzina la PA-C, kutanthauza PA wovomerezeka, musanamalize sukulu yovomerezedwa ndi ARC-PA, bungwe limene limavomereza sukulu za PA. Palibe njira yachidule. Muyeneranso kukhala ndi digiri yoyamba, mapepala anu awunikidwe ndi bungwe monga WES, ndipo sukulu zambiri zimafuna kuti makosi ofunikira muwachitire ku America konko. Zina sizilandira n'komwe ophunzira a viza ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja. Zaka zanu za m'chipatala zidzakuthandizani pa intaviyu, koma funsani sukulu iliyonse ngati imawerengera maola ogwiridwa kunja kwa America.

Chomaliza ndi masiku. CASPA yatsopano imatsegulidwa mu Epulo, pamene ena a inu mudzakhala mukadali pa mndandanda wa odikira wa chaka chino. Musadikire kuti akukaneni kaye. Yambani fomu yatsopano, chifukwa CASPA imalola kusamutsa zambiri zimene munalemba kale, ndipo pemphani makalata okuchitirani umboni msanga. Mukaitanidwa mu Meyi, mwangotaya ndalama ya fomu. Mukapanda kuitanidwa, muli m'gulu loyamba kuwerengedwa. Ndipo ngati mwasankha unesi kapena respiratory therapy, lembani masiku awo otsekera pa kalendala yomweyo, chifukwa ena amatseka sukulu za PA zisanamalize kuyankha.

Muvidiyo yotsatira tikambirana za intaviyu ya MMI, ija amakuyendetsani m'zipinda zingapo, chilichonse ndi funso lake. Tionana komweko.