Munthu mmodzi ndi gitala basi, holo imadzadza bwanji?

[Kamera pa ine, gitala ili pamiyendo]

Muli bwanji nonse, tili pa Kasungu boma ndipo mundikhululukire mawu asasa, dzulo ndinakuwa heve. Woyimba amene ndakhala ndikumumvera kuyambira ndili ku sekondale anabwera kuno yekha. Yekhayekha! Popanda bandi, popanda ovina, kampando, mayiki ndi gitala basi. Mnzanga tili pa kabaza ankangoti aise tataya ndalama, shoo yopanda ng'oma ndi maliro amenewo. Pofika nyimbo yachitatu anali ataimirira kale.

Ndiye zimatheka bwanji?

[Kamera iyandikire dzanja]

Taonani apa. Gitala ili ndi mawaya 6, atatu okhuthala apamwambawa, E, A ndi D, ndi amene amalira mawu aakulu, ndiye chala chachikuluchi chimakhala pomwepo kugwira ntchito ya wa besi, zala zinazi zikukanda mawaya opyapyala m'munsimu kutulutsa nyimbo, kenako chikhatho n'kumamenya thupi la gitala, pha! pha! ng'oma ndi imeneyo. Phazi nalo silikhala chete. Dzanja limodzi likugwira ntchito ya anthu atatu ndipo pakamwa akuyimbanso, ine ndayesa kwa zaka koma chala chachikulu chimaima ndikangotsegula pakamwa.

Pansi anali ndi kabokosi kotchedwa loop pedal. Akaponda kamajambula zimene akuyimbazo, akapondanso kamayamba kubwereza, iye n'kumasanjika zina pamwamba. Koma ukalakwitsa pang'ono pokha kamabwerezanso cholakwacho holo yonse ikumva, n'chifukwa chake ena amakaopa.

Musaganize kuti izi zabwera ndi magetsi ayi. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amayimba babatoni ya waya umodzi, kamtengo dzanja ili, botolo dzanja linalo, ng'oma kuphazi, yekha.

[Kamera pa ine]

Koma chimene chinandigwira mtima ine si makinawo. Mkatikati magetsi anazima, masipika zii, anyamata akulimbana ndi jenereta kuseri. Iye anangosolola waya pa gitala, n'kukhala m'mphepete mwa steji miyendo ili lendelende, n'kuyamba nyimbo ija amayi anga ankaikonda posoka fodya m'chigafa. Ndinamva zala zake zikukhwekhwereza pa mawaya, ndinamva akukoka mpweya asanakweze mawu, zinthu zimene mu studio amazisesa. Pa kolasi anangosiya dala ife n'kulandira, amayi ena kumbuyo nthungululu, anyamata kuthira besi ya pakamwa ngati kwaya ya ku tchalitchi. Ndinalira ine, sindibisa.

Mukamva kuti wina akubwera yekha pitani msanga, ndipo ngati woyimbayo si wamanzere mukakhale kutsogolo cha kumanzere kwanu, dzanja lokanda mawaya lija limaonekera bwino mbali imeneyo.