F1 ya 2026: ndani ali ndi galimoto, ndani ali ndi dzina chabe

[Kamera ili pa ine, kumbuyo kuli chithunzi cha galimoto yofiira]

Abale anga muli bwanji, a ku Mabvuku, a ku Mbare, a ku Dzivarasekwa, ndi inu amene mukuonera muli kumudzi ku Malawi, takulandirani. Lero ndi nkhani ya Formula 1, galimoto zija za matayala apamtunda zokhala munthu mmodzi. Sabata yatha mu kombi achimwene ena anandifunsa kuti kodi Lewis Hamilton, dalaivala wa Ferrari uja, watha eti, nde ndinayamba kuwayankha koma anatsika ndisanamalize, ndiye ndati bwanji ndiyankhe bwinobwino pano.

Koma ndiyambire kwathu kuno kaye, chifukwa ambiri sadziwa kuti dziko lino la Zimbabwe lili ndi mbiri yake mu masewerawa.

[Pa sikirini: Kyalami, 1967]

Pa 2 Januwale 1967 ku Kyalami, kufupi ndi Johannesburg, kunali mpikisano wa dziko lonse, ndipo pakati pa akatswiri a ku Ulaya panali bambo wina wobadwira ku Bulawayo, John Love, wa zaka 42. Galimoto yake inali Cooper yakale ya injini ya malita 2.7 pomwe anzake ambiri anali ndi za malita 3. Bamboyu anayambira pa nambala 5, anakwera mpaka kutsogolera mpikisano, kutsogolo kwa anthu amene ankalipidwa ndi mafakitale, ndiye kutatsala kuzungulira kochepa chabe anakakamizika kulowa kukathira mafuta, Pedro Rodríguez nkumudutsa nkuwina. Love anamaliza wachiwiri. Agogo anga amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito ankaikonda nkhani imeneyi, ankati mzungu uja manja anali nawo, chinamusowa ndi galimoto. Mawu amenewo muwasunge chifukwa vidiyo yonseyi yaima pomwepo.

Mu mpira timu ikhoza kukhala yofooka koma mnyamata mmodzi nkugoletsa chigoli chodabwitsa. Mu F1 sizitheka kawirikawiri. Timu iliyonse imapanga galimoto yakeyake, anthu mazanamazana mu fakitale, mainjiniya, amakaniko, ena ntchito yawo ndi kuyeza mmene mphepo ikudutsira pa galimoto basi, ndiye dalaivala amapatsidwa chimene anthu amenewa apanga. Akapanga chabwino amawala, akalakwitsa angakhale akhale ndani amathamangira nambala 8. Nchifukwa chake ukafuna kudziwa ngati dalaivala ndi wabwinodi usamufanizire ndi wa timu ina, mufanizire ndi mnzake wa timu yomweyo, poti awiriwo ndi amene ali ndi galimoto yofanana. Wowina amatenga mapointi 25, wachiwiri 18, wachitatu 15, mpaka wa nambala 10 amene amatola imodzi, ndipo zikho ndi ziwiri, cha madalaivala ndi cha matimu.

[Pa sikirini: Norris 423, Verstappen 421, Piastri 410]

Taonani mmene 2025 inathera. Lando Norris wa McLaren anatenga chikho ndi mapointi 423, Max Verstappen wa Red Bull 421. Awiri okha aise, patatha mipikisano 24. McLaren ndi imene inali ndi galimoto yabwino kuposa onse, chikho cha matimu anatenga 2024 nkubwerezanso 2025, ndiye ena amati Norris anangonyamulidwa ndi galimoto. Ine sindivomereza kwathunthu. Galimoto yomweyo anali nayonso Oscar Piastri, ndipo atachoka ku mpikisano wa ku Zandvoort, ku Netherlands, Piastri anali patsogolo pa Norris ndi mapointi 34, Norris galimoto itamufera panjira tsiku limenelo. Munthu wofooka mtima akanagwa mphwayi pamenepo. Iye anabwerera, anawina ku Mexico, anawina ku Brazil, ku Las Vegas galimoto zonse ziwiri za McLaren zinachotsedwa pa zotsatira chifukwa thabwa la kunsi kwa galimoto linaperepeseka kupyola muyezo, koma ku Abu Dhabi anafunika kumaliza wachitatu ndipo anamaliza wachitatu. Chikhocho ndi chake, tisamulande.

Koma mukandifunsa kuti dalaivala wabwino kuposa onse panopa ndani, ngakhale si amene ndimamusapota, ndi Verstappen. Anali kumbuyo ndi mapointi 104 atachoka ku Zandvoort komweko, nkudzamaliza atatsala ndi awiri, ndipo anawina mipikisano 8 pomwe Norris ndi Piastri anawina 7 aliyense. Nanga muyezo uja wa mnzake wa mu timu? Gasly, Albon, Perez, Lawson, Tsunoda, onsewa anakhalapo pa mpando wachiwiri wa Red Bull ndipo palibe amene anamugwedeza, Lawson anangopatsidwa mipikisano iwiri nkubwezedwa. Pano mpandowo watenga Isack Hadjar, mnyamata amene anakwera pa podium, nsanja ya atatu oyamba kumaliza, ku Zandvoort ndi galimoto ya Racing Bulls, timu yaing'ono ya Red Bull, ine ndimamukonda koma ndikumumvera chisoni pang'ono.

Tsopano chimene chikupangitsa kuti 2026 ikhale yosiyana ndi chiyani? Malamulo asintha, injini ndi thupi la galimoto zonse pakamodzi.

[Pa sikirini: chithunzi cha injini]

Ndifotokoze mosavuta. Galimoto za F1 zili ndi injini ya mafuta komanso mota ya magetsi yoyendera batire. Mpaka 2025 mota ija inkapereka makilowati 120, pano ikupereka 350, kutanthauza kuti pafupifupi theka la mphamvu yonse likuchokera ku batire. Kachipangizo kena kovuta kotchedwa MGU-H, kamene kankatenga mphamvu kuchokera ku utsi wotentha, akachotsa, ndipo mafuta ake salinso ochokera pansi pa nthaka ayi. DRS ija, phiko lakumbuyo limene linkatseguka kuti wakumbuyo adutse mnzake, yapita, mmalo mwake mapiko onse akutsogolo ndi akumbuyo azisuntha, kugona pa msewu woongoka kuti galimoto ithamange, kuimanso pa kona kuti igwire pansi, ndipo wofuna kudutsa azigwiritsa ntchito mphamvu yoonjezera ya batire. Galimoto yachepako, yapepukanso ndi makilo pafupifupi 30. Ife a ku Harare za batire timazidziwa bwino, magetsi akathima madzulo umayamba kuwerengera kuti inveta ikwanitsa TV mpaka mpikisano uthe kapena ndizimitse furiji kaye, ndiye dalaivala wa 2026 akhala akuwerengera chomwecho ali pa liwiro la makilomita 300 pa ola, apa ndisunge, apa nditulutse. Amene ali ndi mutu wozizira ndi amene apindule.

Ndiye ndani wakonzeka? Nthawi yomaliza imene injini zinasintha kwambiri chonchi inali 2014, ndipo Mercedes inatenga chikho cha matimu zaka 8 zotsatizana, 2014 mpaka 2021. Sindikunena kuti mbiri imabwereza nthawi zonse, koma anthu amene anapanga injini ija luso lawo silinathe, ndiye mutu wanga ukuti yang'anirani Mercedes. Dalaivala wawo George Russell anawina ku Canada ndi ku Singapore mu 2025 ndi galimoto imene siinali yabwino kuposa zonse, ndipo salakwitsa wambawamba, ine ndikuona kuti akapatsidwa galimoto yeniyeni akhoza kutenga chikho. Pambali pake pali Kimi Antonelli wobadwa mu 2006, mwana weniweni koma liwiro ali nalo. Injini yomweyo ili mu McLaren, mu Williams komanso mu Alpine, ndiye ikakhala yabwino matimu anayi akwera limodzi. Williams ndiitchule mwapadera, inali pansi penipeni zaka zingapo zapitazo, mu 2025 inamaliza pa nambala 5 ndipo Carlos Sainz anakwera pa podium kawiri, ku Baku ndi ku Qatar. Timu imeneyi ndimaifunira zabwino ndi mtima wonse.

Red Bull ndi imene ikundidetsa nkhawa. Adrian Newey, munthu amene anajambula galimoto zawo zonse zowina zikho, anachoka. Christian Horner amene anaitsogolera kuyambira 2005 anachotsedwa mu Julayi 2025, mmalo mwake muli Laurent Mekies. Ndiye kwa nthawi yoyamba akupanga injini yawoyawo mothandizana ndi Ford, kampani yodziwika ndi chakumwa kukapikisana ndi Mercedes ndi Ferrari pa kupanga injini, si zamasewera. Verstappen akhoza kubisa zofooka za galimoto pa kona, koma pa msewu woongoka mphamvu ikasowa palibe manja amene angaibweretse.

Newey uja ali ku Aston Martin, amene atenga injini ya Honda, ndipo woyendetsa ndi Fernando Alonso, katswiri wa 2005 ndi 2006, wobadwa mu 1981, amene anawina komaliza mu 2013. Zinthu zatsopano zambiri pakamodzi sizigwirizana msanga, ndiye chaka choyamba sindikuyembekezera zambiri, koma tsiku limene Alonso adzawinenso ndidzakuwa mpaka aneba atuluke. Audi yatenga timu ya Sauber, ili ndi Bortoleto ndi Nico Hülkenberg, bambo amene anadikira mipikisano 239 kuti akwere pa podium koyamba, ku Silverstone mu mvula, kuona maso a nkhono nkudekha ndithu. Cadillac ndi timu yatsopano ya nambala 11, yatenga Perez ndi Bottas, akuluakulu odziwa njira, ndipo ayamba ndi injini ya Ferrari. Amenewo akangomaliza mipikisano osawonongeka ndiye kuti ayamba bwino.

[Kamera yayandikira]

Tibwere pa funso la achimwene a mu kombi aja. Hamilton watha?

Ndinene zoona, ine ndinayamba kuonera F1 chifukwa cha Lewis Hamilton, ndipo ndikudziwa kuti ambiri mwa ife kuno ndi chimodzimodzi. Kuona munthu wakuda, yekhayekha pakati pa madalaivala onse aja, bambo ake akugwira ntchito zingapo kuti mwana apeze kagalimoto kophunzirira, nkudzatenga zikho 7 kufanana ndi Michael Schumacher, kuwina mipikisano yoposa 100, zinatikhudza. Ndiye atalengeza kuti akupita ku Ferrari tinasangalala, ndipo ku China atawina mpikisano waufupi uja wa Loweruka tinati eya zayamba. Mawa lake anachotsedwa pa zotsatira chifukwa cha thabwa la pansi lomwe lija, ndipo kuchokera pamenepo mvula ikakuona litsiro sikata, chaka chonse chinatha osakwera pa podium ya Lamulungu ngakhale kamodzi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chiyambireni mu 2007. Zinandipweteka, kumumva pa wailesi mawu ali pansi choncho.

Koma tigwiritse muyezo wathu uja mwachilungamo. Galimoto ya Ferrari ya 2025 siinawine Grand Prix, mpikisano waukulu uja, ndi imodzi yomwe, timu inamaliza pa nambala 4, ndiye vuto lalikulu linali galimoto. Komanso Charles Leclerc ndi galimoto yomweyo anakwera pa podium ka 7 nkutenganso pole, malo oyambira patsogolo pa onse, ku Hungary, ndiye sitinganene kuti Hamilton analibe gawo lake, Leclerc anamuposa, poyera. Chimene chikundipatsa chiyembekezo ndi chakuti galimoto za 2022 mpaka 2025, zija zokakamira pansi ndi mphepo yodutsa kunsi, sizinagwirizane ndi kayendetsedwe kake kolowa pa kona mochedwa kuponda buleki, ngakhale ku Mercedes Russell ankamuvutitsa nazo. Galimoto zimenezo zapita. Munthuyu mu 2026 ali ndi zaka 41, nthawi yatsala pang'ono, ndipo Ferrari inatenga komaliza chikho cha madalaivala mu 2007 ndi Kimi Räikkönen, cha matimu mu 2008, ndiye ludzu ku Maranello, kwawo kwa Ferrari, ndi lalikulu kuposa lathu. Achimwene, yankho langa ndi loti sanathe, koma 2026 ndi chaka chimene tidziwe, ndipo tidziwa pomuyang'ana iye ndi Leclerc, osati iye ndi Norris.

Chinanso chimene ndimamulemekezera ndi choti sasiya kunena kuti F1 ibwerere mu Africa. Mpikisano womaliza kuno unali ku Kyalami mu 1993, anawina Alain Prost, ndipo katswiri wa dziko lonse wochokera mu Africa ndi mmodzi yekha, Jody Scheckter wa ku South Africa, mu 1979, ndi Ferrari yomweyo. Ife tili ndi Axcil Jefferies amene anafika mpaka GP2, mpikisano umene nthawi imeneyo unali khomo lomaliza usanalowe F1, koma mpando wa kumeneko umafuna ndalama za madola mamiliyoni, ndiye nkhani ya John Love ija imabwereranso. Kukakhala mpikisano ku Donnybrook, pa Arcturus Road pafupi ndi Mabvuku pomwepa, tengani ana mupite nawo akamve phokoso la injini ndi makutu awo, pa TV silimveka chimodzimodzi.

Mpikisano woyamba wa 2026 ndi wa ku Melbourne, ku Australia, mu Marichi, kuno kumakhala kuli mmamawa kwambiri, ndiye tcherani alamu ndi kutchaja inveta usiku wake. Ikafika ku Ulaya zimakhala bwino, yambiri imayamba 3 koloko masana nthawi yathu, titadya kale nsima. Lembani pansipa timu yanu ndi dalaivala wanu, ndipo vidiyo yotsatira tikamba za matayala, chifukwa chake munthu wotsogola amalowa kukasintha pomwe galimoto ikuoneka ngati ili bwinobwino.