Ndani amalipirira mawu a pa wailesi yathu?

(Chithunzi: m'bandakucha ku Ulongwe. Kawailesi ka mabatire kapachikidwa pa nthambi, m'mphepete mwa munda wa mbatatesi.)

Moni nonse a ku Angónia, Tsangano, Macanga, ndi inu a kutsidya ku Dedza amene mumationera. Taonani kawailesi aka. Mwini wake ali pa mzere ndi khasu, koma khutu lili kuno. Akudikira mauthenga a maliro, kuti adziwe ngati lero n'kolima kapena n'kokakhala pa siwa. Iye wagula mabatire okha. Nanga mawu akutulukamowo, walipira ndani?

(Chithunzi: dzanja likutambasula kalisiti ka Credelec, magetsi olipiriratu.)

Tiyambe ndi wailesi yaikulu, Rádio Moçambique, imene inakhazikitsidwa mu 1975. Nthambi yake ya ku Tete imaulutsa m'Chipwitikizi, Chinyungwe, Chinyanja ndi Chisena. Ngati muli ndi magetsi a EDM pakhomo, mumaithandiza kale, mwina osadziwa. Mukagula Credelec, pamakhala kandalama kodulidwa ka msonkho wa wailesi, taxa de radiodifusão. Msonkho umenewu ndi wa Rádio Moçambique.

Koma wailesi imene imatchula dzina la mudzi wanu, la mfumu yanu, ndi ina. Mawailesi a m'maderawa anabadwa lamulo la zofalitsa nkhani la 1991 litatsegula khomo, ndipo anachuluka nkhondo itatha mu 1992. Ena ali m'manja mwa bungwe la boma la ICS, ena ndi a mipingo, ena ndi a magulu a anthu wamba. Ambiri amakumana mu FORCOM, bungwe la mawailesi a m'madera limene linayamba mu 2004. A ICS amalandirako kenakake kuchokera ku boma. Enawo amadya za thukuta lawo.

(Chithunzi: bambo akutsamiritsa njinga pakhoma la wailesi, fumbi lili mbuu m'miyendo.)

Bambo awa apalasa kuyambira tambala woyamba. M'thumba la malaya muli pepala long'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu, lolembedwa ndi pensulo: dzina la malemu, mudzi, tsiku loika m'manda, ndi mayina a abale amene akuyenera kumva, wina ku Moatize, wina ku Furancungo. Akupereka pepalalo pawindo pamodzi ndi mametikali ochepa okulungidwa pa kansalu. Muulutsi akuliwerenga kaye mokweza pamaso pawo, kuti dzina lisalakwike. Dzina la womwalira likalakwika pa wailesi, mudzi wina umalira munthu wamoyo.

Tindalama timeneti ndi timene timayendetsa wailesi. Uthenga wa maliro, ng'ombe yosochera, chiphaso chotayika pa msika, moni wa mkamwini kwa apongozi, wogulitsa feteleza wolengeza malonda ake. Zonsezi zikaphatikizana, ndiye magetsi a mlongoti, mafuta a jenereta, ndi mayunitsi a foni ya mu situdiyo.

Ndipo zodula n'zambiri. Kuno kumapiri mphezi simasewera. Ikagwa pa mlongoti, makina oulutsira mawu amapsa, ndipo chitsulo cholowa m'malo sichipezeka pa msika wa pafupi. Aulutsi ambiri ndi odzipereka: aphunzitsi, ana a sukulu, alimi. Amabwera ataweruka kwina, ena osalandira kanthu.

Mabungwe nawo amagula nthawi, kuti aulutse za katemera, za kolera, za maukwati a ana. N'zothandiza, sindikutsutsa. Koma pulojekiti imakhala ndi tsiku lotsekera, ndipo ikatha, mapulogalamu aja amatha nayo. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ine: wailesi yodalira thumba limodzi imachita manyazi kufunsa mwini thumbalo mafunso ovuta. Ikamadalira ife ambirimbiri, imatha kuitana akuluakulu kuti adzayankhe za mlatho wothyoka kapena mankhwala osowa, ife n'kumaimba foni.

Kumbukirani Januwale 2022, namondwe Ana atagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Nthawi ngati imeneyo, magetsi atazima, foni yopanda moto, chotsala m'nyumba ndi kawailesi ka mabatire ndi munthu wolankhula chinenero chanu, wokuuzani kumene madzi afika.

Tsono tingatani? Mukakolola, kaperekeni uthenga wolipira, ngakhale wa moni chabe. Amene muli ku Beira, Maputo kapena ku Joni, funsani ngati wailesi ya kwanu imalandira pa M-Pesa kapena e-Mola. Muli ndi golosale kapena chigayo? Lengezani pa wailesi. Komiti ikaitanitsa msonkhano wa omvera, pitani, mukafunse mmene ndalama zayendera, kufunsako n'kuthandizanso.

(Chithunzi: mu situdiyo. Muulutsi akutsitsa nyimbo, akusalaza pepala lija ndi chikhatho. Panja, bambo aja aima pafupi ndi njinga yawo, chipewa chili m'manja, akumvetsera.)