Chuma chikavuta, bodi ya kampani izifunsa za kashi

Zikomo amayi ndi abambo, tingoyambapo. Ambiri timaona ngati mwini kampani ndi bwana wamkulu uja amati CEO, koma ayi, iyeyo ndi waganyu basi. Eni ake ndi amene anagula masheya, iwowa amasankha bodi, bodiyo nkulemba ntchito bwanayo ndipo ikhoza kumuchotsanso. Ndiye ntchito ya bodi si kuyendetsa kampani tsiku ndi tsiku, koma kuyang'anira woyendetsayo, kumufunsa mafunso oti antchito ake sangayerekeze nkomwe.

Malonda akamayenda bwino bodi yogona siidziwika, aliyense amangosekerera. Koma makasitomala achepe, mabanki akweze chiwongoladzanja, amene munawagulitsa pangongole ayambe kuzemba foni, mpamene timaona ngati anthu aja amabwera kudzagwira ntchito kapena kudzangosainira alawansi.

Tamvani za Carillion, kampani yaikulu ya zomangamanga ya ku Britain. Mu June 2017 inagawira eni masheya mapaundi 55 miliyoni ngati phindu lawo. Mwezi wotsatira womwewo, July, nkulengeza kuti makontrakiti ake ena aluza ndipo ichotsa mapaundi 845 miliyoni m'mabuku. Pofika pa 15 January 2018 kampani yagwa, kashi yomwe inatsala inali mapaundi 29 miliyoni okha pomwe ngongole zinali pafupifupi 7 biliyoni. Makampani ang'onoang'ono amene ankaigwirira ntchito ankadikiritsidwa mpaka masiku 120 kuti alipidwe, thumba la penshoni ya antchito linali lobooka, koma bodi imavomereza zogawa phindu chaka ndi chaka. Phindu lake liti eti?

Apa nde pagona nkhani. Phindu ndi nambala ya pa pepala, akauntanti akhoza kulemba ndalama ya kontrakiti ngati yalowa pomwe kasitomala sanalipire, mwinanso akukana kulipira kumene. Malipiro a antchito sulipira ndi pepala. Ndiye membala wa bodi wodziwa ntchito yake nthawi ngati imeneyi amafunsa kuti mu akaunti muli zingati lero, sabata yamawa zilowa zingati zituluka zingati, ambiri amapempha ndondomeko ya kashi ya masabata 13 akutsogolo, ndipo amafunsanso kuti malonda akatsika ndi kota tikhala miyezi ingati tisanayambe kulephera kubweza kubanki. Bwana akayamba kuzungulira ndi chizungu chambirimbiri, funsaninso, osachita manyazi ayi. Ndipo kubanki kumapitidwa kusanade, osati ngongole itapsa kale.

Vuto lina ndi mantha. Ku Lehman Brothers, banki ya ku America yomwe inagwa pa 15 September 2008, Richard Fuld anali bwana wamkulu komanso wapampando wa bodi, munthu mmodzi yemweyo. Tangoganizani, amene akuyenera kufunsidwa ndi amenenso akuitanitsa msonkhano nkusankha zokambirana. Komiti yawo yoona za chuma ndi ziopsezo inkakumana kawiri pachaka mu 2006 ndi 2007, nthawi yomwe msika wa nyumba unali utayamba kale kugwedezeka. Chonsecho lipoti la Cadbury, lokhudza kayendetsedwe ka makampani ku Britain, linali litanena kale mu 1992 kuti mipando iwiriyi ndi bwino kuilekanitsa, komanso kuti mu bodi mukhale anthu odziimira paokha osadya m'manja mwa bwana.

Ine zomwe sindigwirizana nazo nzoti zinthu zikathina choyamba kuchita nkuchotsa antchito, mabonasi a mabwana ali chikhalire. Nthawi zina kuchotsa anthu sikupeweka, zoona, koma bodi iyambe yaimitsa kugawa phindu, yadula mabonasi, yagulitsa katundu wosagwira ntchito, kenako nkufika kwa antchito. Mukachotsa amene amadziwa ntchito, malonda akadzabwerera mudzawasaka osawapeza.

Ena mwa inu muli m'mabodi a makopaletivu kapena mabungwe, zimenezi nzanunso. Misonkhano ya kamodzi pa miyezi itatu siikwana zinthu zikavuta, kumanani mwezi uliwonse. Mapepala aziperekedwa masiku angapo msonkhano usanachitike osati pakhomo polowa. Komanso ma odita, ofufuza mabuku a chuma aja, muzikumana nawo panokha bwana atatuluka kaye, muwafunse kuti pa manambalawa ndi pati pamene munakanganapo ndi oyang'anira. Amene ali ndi funso akweze dzanja.