Akuberani Railcard Koma Tikiti ya Advance Muli Nayo: Mukwera Bwanji Sitima ku Britain?

[Pa sikirini: siteshoni ya London Euston, anthu akuyang'ana bolodi la nthawi za sitima]

Moni nonse amene mukuonera, makamaka abale athu amene muli ku Britain kusukulu kapena pantchito. Nkhani ya lero ndi iyi: munagula tikiti ya Advance (yoguliratu ulendo usanafike) pamtengo wochotsera chifukwa cha railcard yanu, khadi yochotsera mtengo wa matikiti a sitima, ndiye ulendo usanafike, akuba akutolerani chikwama, khadi ija yapitira momwemo. Tikiti ilipo, mpando ulipo. Kodi mungakwere?

Kukwera osakonza kanthu ayi, musayerekeze. Malamulo a maulendo a sitima, National Rail Conditions of Travel, amanena kuti munthu wa tikiti yochotsera mtengo akalephera kuonetsa railcard yake, amatengedwa ngati wakwera wopanda tikiti yovomerezeka. Tikiti ndi khadi zili ngati loko ndi kiyi, chimodzi pachokha sichitsegula chitseko. Chithunzi cha khadi chimene chili mufoni sichiloledwa, imelo yosonyeza kuti munagula khadiyo nayonso siilowa m'malo mwake.

[Pa sikirini: tikiti ya Advance, chala chikuloza pamene palembedwa mtundu wa railcard]

Taonani tikiti iyi. Palembedwa tsiku, nthawi ya sitima, ndi mtundu wa railcard, kaya 16-25, Senior, Two Together kapena ina. Advance imagwira pa sitima imodzi yokhayo imene munasankha, ndipo ndalama sabweza mukangosintha maganizo. Khadi imachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, moti tikiti ya £60 mumaipeza cha m'ma £40. Ndiye chimene mwapulumutsa ndi £20. Koma akakugwirani m'sitima mulibe khadi, sangokuuzani kuti onjezerani £20 ija. Atha kukugulitsani tikiti yatsopano pamtengo wa tsiku lomwelo, ndipo Anytime (tikiti yokwerera nthawi iliyonse) ya ulendo umodzi kuchoka London kupita Manchester imaposa £150. Pa masitima ambiri a ku England palinso chindapusa chotchedwa Penalty Fare, chimene kuyambira Januwale 2023 chili pa £100 kuphatikiza mtengo wa ulendowo, ngakhale £100 ija imatsika kufika £50 mukalipira pasanathe masiku 21.

Choyamba kuchita ndi kukanena kupolisi, tsiku lomwelo. Ngati anakuberani m'sitima kapena pasiteshoni, nkhaniyo ndi ya apolisi a zamasitima, British Transport Police: tumizani uthenga pa 61016 kapena imbani 0800 40 50 40. Ngati anakuberani kwina, kumsika, m'basi kapena kunyumba, imbani 101 kapena lembani lipoti pa webusaiti ya apolisi a dera lanu. Chimene mukufuna kwa iwo ndi nambala ya mlandu, imene amaitcha crime reference number. Nambala imeneyi ndi ya ndalama, chifukwa khadi yobedwa amakupatsani ina kwaulere mukaionetsa, pamene yotayika kapena yoonongeka mumalipira £10.

Kumene mukatenge ina kukudalira kumene munagula yoyamba, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ngati munagula pasiteshoni, bwererani ku ofesi yogulitsa matikiti mutanyamula risiti imene anakupatsani tsiku logula, chiphaso chanu, nambala ya apolisi ija, komanso chithunzi cha pasipoti ngati khadi yanu ndi ya chithunzi. Vuto ndi loti anthu ambiri amasunga risitiyo m'chikwama chomwecho pamodzi ndi khadi, wakuba n'kutenga zonse. Popanda risiti, a pawindo alibe pogwira. Inu amene khadi yanu ikadalipo, chotsani risitiyo lero muiike kunyumba.

Ngati munagula pa intaneti khadi ya pulasitiki, a pasiteshoni sangakuthandizeni kupeza ina. Mulowe mu akaunti yanu ya Railcard, mupemphe ina mmenemo, ndipo ibwera pa positi pakapita masiku angapo. Ulendo ukakhala wa sabata yamawa, mwina ikupezani. Ukakhala wa mawa m'mawa, khadiyo siikupezani.

Ngati khadi yanu inali ya mufoni ndipo chabedwa ndi foniyo, zinthu ndi zopepukirapo. Khadiyo imakhala mu akaunti, sipita ndi foni. Pezani foni ina, ikani pulogalamu ya Railcard, lowani mu akaunti yanu pa webusaiti, tengani nambala yatsopano yotsitsira khadi, ndipo chotsani foni yobedwayo pamndandanda. Ngati munaigula kudzera kwa ogulitsa ena monga Trainline, ili mu pulogalamu yawo, ndiye mukailowere kumeneko.

[Pa sikirini: mawu akuti "Ulendo ndi mawa, khadi siinafike"]

Tsopano tikhalepo pang'ono apa, chifukwa mpamene mafunso amachuluka. Tikiti yanu siimangidwa ku nambala ya khadi imene inabedwa. Chofunika n'chakuti patsiku la ulendo mukhale ndi railcard ya mtundu womwewo, ya dzina lanu, imene siinathe ntchito. Choncho mutha kungogula yatsopano. Kuyambira Marichi 2025 makhadi ambiri ali pa £35 chaka chimodzi. Ya mufoni imabwera mwamsanga akangotsimikizira zaka zanu ndi chithunzi, ndipo mitundu ingapo monga 16-25 ndi Senior imagulitsidwanso pawindo la siteshoni nthawi yomweyo mukakhala ndi chiphaso. Ya 26-30 ndi ya mufoni basi. N'zowawa kulipira kawiri chinthu chimene wina wakuberani, sitikukana, koma ngati tikiti yanu ndi ya ulendo wautali, wopita ndi kubwerera, £35 ndi yochepa poyerekeza ndi zimene zingakugwereni m'sitima.

Njira ina ndi kupita pawindo la matikiti nthawi ikadalipo, kuwauza kuti railcard yabedwa, n'kupempha kuti tikitiyo ikhale ya mtengo wathunthu. Kusintha Advance kumaloledwa sitima yanu isananyamuke, ndipo nthawi zambiri mumalipira mpaka £10 kuphatikiza kusiyana kwa mitengo. Dziwani kuti mitengo ya Advance imakwera tsiku likamayandikira, ndiye kusiyanako kutha kukhala kwakukulu kuposa gawo limene khadi inachotsa. Afunseni akuwerengereni zonse ziwiri, kusintha tikiti ndi kugula khadi yatsopano, inu musankhe chotsika. Fikani msanga, mzere wa pawindo sudziwa kuti sitima yanu yatsala mphindi khumi.

Bwanji ngati akuberani muli kale paulendo? Musadikire kuti woyendera matikiti akupezeni pampando. Mufunefuneni kondakitala, mufotokozereni, muonetseni uthenga umene mwatumiza ku 61016. Ena amamvetsa n'kukulolani kupitiriza, koma uko ndi kukoma mtima kwawo, lamulo siliwakakamiza. Akakulipiritsani, landirani risiti ndipo sungani tikiti zonse ziwiri. Pali dongosolo lobweza ndalama kwa munthu amene anali ndi khadi yovomerezeka patsikulo koma sanathe kuionetsa: mumalembera kampani ya sitimayo pasanathe masiku 28, ndipo amalola kamodzi kokha pa miyezi 12. Tumizani tikiti, risiti, umboni wa khadi yanu, ndi nambala ya apolisi. Akakupatsani Penalty Fare, muli ndi masiku 21 ochita apilo, ndipo njira yake yalembedwa papepala lomwelo.

Akafunsa dzina ndi adiresi, perekani zoona, ndipo kalata ikabwera kuchokera ku kampani, iyankheni. Kuyenda wopanda tikiti yovomerezeka kutha kukafika kukhoti, kumene chindapusa chimatha kufika £1,000. Kwa ife amene tikukhala kuno pa viza, iyi si nkhani yopepuka, chifukwa mafomu a Home Office, unduna woona za maviza, amafunsa za milandu imene munthu anapezeka nayo wolakwa. Zimatipweteka kumva m'bale wavutika ndi mapepala chifukwa cha kalata imene anaisiya patebulo osaitsegula.

[Pa sikirini: makina otengera matikiti pasiteshoni]

Chinanso chimene chimaiwalika: ngati munasankha kukatenga tikiti pamakina a pasiteshoni, makinawo amafuna nambala ya oda ndi khadi ya kubanki, nthawi zambiri imene munalipirira. Ngati nayonso inapita ndi chikwama, lumikizanani ndi amene anakugulitsani tikitiyo ulendo usanafike kuti akukonzereni njira ina yotengera, kapena pitani pawindo ndi nambalayo ndi chiphaso china. Tikiti ya pa imelo ilibe vuto limenelo, mutha kuitsegula pafoni ina kapena kuisindikiza papepala. Koma tikiti ya pepala imene munali mutatenga kale, ikabedwa kawirikawiri sapereka ina, ndipo zikatero mugule yatsopano musanadutse pageti.