Kuyamba Kudziwa Nyenyezi za Kuno ku Chipata

Moni nonse amene mukuonera, a ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza, ku Lundazi ndi kwina konse. Lero tikamba za nyenyezi. Ambiri mumafunsa ngati munthu ayenera kugula telesikopu kaye. Ayi ndithu, maso anuwo ndi okwanira. Ife a kuno tilinso ndi mwayi, chifukwa nyenyezi zina zimene tikambe lerozi munthu wa ku London sangazione ali kwawo, ngakhale atagula chida chodula chotani.

Tiyambe ndi kusankha usiku. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, mvula itatha, mitambo itachoka. Kumazizira, choncho tengani juzi ndi mphasa yogonapo chagada kuti khosi lisawawe. Ikafika Seputembala, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimabisa nyenyezi zing'onozing'ono. Pewaninso masiku amene mwezi ukuwala kwambiri. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuchokera pa mdima kufika pa mdima wina, ndiye simudikira nthawi yaitali. Amene muli kumudzi ingopitani kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi moto. A m'tauni, magetsi akazima mu komboni, tulukani panja. Koma foni ikhale m'thumba. Maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo mukangoyang'ana pa foni mwayambiranso.

(Pa sikirini: nyenyezi zinayi za Mtanda ndi ziwiri zowala pambali pake)

Mu Juni, cha m'ma 19 kapena 20 koloko, tembenukirani kummwera, mbali ya ku Mozambique. Kwezani maso mpaka pafupifupi pakati pa nthaka ndi pamwamba pa mutu wanu. Muona nyenyezi zinayi zitapanga mtanda, Southern Cross, ndipo kumanzere kwake kuli ziwiri zowala kwambiri zoloza mtandawo. Mwa ziwirizo, yowala koposa ndi Alpha Centauri. Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene ine nkhaniyi imandigwira mtima. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchokera ku dzuwa kumatifika patapita mphindi 8 zokha. Kuchokera ku Alpha Centauri kumatenga zaka zoposa 4, chonsecho iyi ndiyo nyenyezi yapafupi kwambiri pa zonse zimene maso angaone usiku. Kuwala kumene kukulowa m'diso mwanu kunanyamuka mwana amene ali giredi 5 lero asanamalize giredi 1.

Mtandawu umasonyezanso njira. Jambulani mzere m'maganizo kuchokera pa nyenyezi ya kumutu kudzera pa ya kuphazi, muutalikitse kanayi ndi theka, kenako mutsitse maso molunjika pansi. Pamenepo ndiye kummwera. Yesani kangapo pa malo amene mumawadziwa bwino, mudzaona kuti sizinama.

Mu Julayi, cha m'ma 21 koloko, yang'anani pamwamba penipeni. Mzere woyererako umene wadutsa thambo lonse, wooneka ngati ufa womwazika, ndi Mlalang'amba. Si mtambo ayi. Ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa izo. Pakati pake penipeni pamadutsa pafupifupi pamutu pathu ife a ku Zambia. Pafupi ndi Mtanda muonanso kachigamba kakuda. Ndi fumbi la mumlengalenga limene latchinga nyenyezi za kuseri kwake.

Makolo athu thamboli ankalidziwa, ndipo zimandipweteka kuti mayina awo akutha m'kamwa mwa ana. Nsangwe, kagulu ka nyenyezi zothithikana kamene m'mabuku amati Pleiades, kamatuluka kummawa madzulo a Okutobala ndi Novembala, mvula ili pafupi. Pambuyo pake pamabwera Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana za mu gulu la nyenyezi lotchedwa Orion, zimene zimaoneka bwino madzulo kuyambira Disembala. Funsani agogo anu mayina ena, muwalembe.

Nanga Nthanda? Imeneyi si nyenyezi, ndi pulaneti Venus, ndipo yowala kwambiri ija imene nyengo zina imaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa ndi yomweyo. Kusiyanitsa n'kosavuta: nyenyezi zimathwanima, pamene mapulaneti kawirikawiri amawala mosaphethira. Ngati mungabwereke mabainokyula, tsamiritsani zigongono pa mpanda muloze pulaneti Jupiter. Muona timadontho pambali pake. Imeneyo ndi miyezi yake ikuluikulu inayi, imene Galileo, katswiri wa sayansi wa ku Italy, anaiona mu 1610.

Kadontho koyenda pang'onopang'ono mosaphethira kasakuopseni, ndi setilaiti. Zimene timati nyenyezi zakugwa ndi timiyala ndi fumbi zimene zikupsa polowa mu mpweya wa dziko. Cha pa 5 ndi 6 Meyi m'bandakucha zimachuluka, chifukwa dziko limadutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley's Comet.

Chenjezo limodzi, makamaka kwa inu makolo. Dzuwa musaliyang'ane ndi maso, ndi mabainokyula kapena ndi magalasi akuda wamba, ngakhale pa kadamsana ngati uja wa pa 21 Juni 2001 amene anadetsa Lusaka masana. Diso limapsa mkati munthu osamva kuwawa, ndipo nthawi zina silichira. Muwauze ana zimenezi musanawapatse chida chilichonse m'manja.