Kuno ku Joni: miyala ya m'ndulu ndi opaleshoni yake

Moni abale anga a ku Chitakale, Limbuli, Luchenza ndi Bvumbwe, komanso inu tili nanu kuno ku Johannesburg. Lero tikambe za matenda omwe ambiri amawasokoneza ndi zilonda za m'mimba.

Moyo wakuno mukuudziwa. Munthu amachoka kusanache, amabwera kwada, chakudya chake n'kota, magwinya ndi tchipisi. Thupi limakula, kumudzi nkumati akusangalala. Koma kunenepa kumeneku, makamaka kwa amayi obereka ndi opitirira zaka 40, kumayitana miyala ya m'ndulu. Kuwonda mothamanga, matenda a shuga ndi matenda a magazi a sickle cell nazonso zimayibweretsa.

Kathumba kobiriwira kaja timachotsa mosamala pachiwindi cha nkhuku, nafenso tili nako, kumanja pansi pa nthiti. Kamasunga ndulu pafupifupi mamililita 50, ndipo tikadya zamafuta kamafinya nduluyo kupita m'matumbo. Kolesterolo, mtundu wina wa mafuta, ikachuluka m'ndulumo imawundana n'kukhala timiyala. Ambiri amakhala nayo osamva kanthu, ndipo oterowo kawirikawiri safuna mpeni. Vuto limayamba mwala ukatseka pakamwa pa kathumbako: ululu wamphamvu kumanja kapena pa chifuwa m'munsi, wothamangira kumsana ndi phewa lamanja, nthawi zambiri mutadya zamafuta usiku. Umatenga theka la ola mpaka maola angapo, nseru ndi kusanza zili pomwepo.

Apa ndimvetsereni bwino. Ululu ukapitirira maola 6, thupi litatentha, mukunjenjemera, maso achita chikasu, mkodzo wafiira kwambiri, chimbudzi chayera, pitani kuchipatala usiku womwewo. Ndiye kuti kathumba katupa, kapena mwala watsika n'kutseka njira yaikulu ya ndulu, ndipo ungatupitse kapamba, chiwalo chopanga insulin. Zimenezo zimapha. Ndikudziwa ena amaopa nkhani ya mapepala, koma malamulo aakulu a South Africa, gawo 27, amaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo chamwadzidzidzi. Ndipo chonde musakwere basi yodzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza muli chonchi poti mukachirire kwanu. Ulendowo ndi wautali, mungathere panjira.

Ngati si zadzidzidzi, kuno mumayambira kukiliniki, akupatseni kalata ya kuchipatala chachikulu. Kumudzi yambirani pa chipatala cha boma cha Mulanje kapena Thyolo, kapena Mulanje Mission ndi Malamulo. Zikafunika amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Miyalayi imaoneka pa sikani ya ultrasound. Musadye kwa maola pafupifupi 6 musanajambulidwe, chifukwa mukadya kathumba kamanyala, sikaoneka bwino.

Pa opaleshoni sachotsa miyala yokha ayi, amachotsa kathumba konse, popeza kakatsala kapanganso ina. Amakugonekani tulo. Amaboola timabowo tinayi, lililonse losapitirira pafupifupi sentimita imodzi, n'kupopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ikwere, aone bwino. Kamera imalowera pamchombo. Dokotala amapeza kanjira kotuluka m'kathumba ndi mtsempha wamagazi wopita komweko, amapana zonsezi ndi timakilipi, amadula, kenako amasenda kathumbako pachiwindi n'kukatulutsa. Zimatenga ola limodzi kapena awiri. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Pakakhala kutupa kwambiri, zipsera zakale, kapena kulibe makinawo, amang'amba pansi pa nthiti masentimita 10 mpaka 15. Ikatero si kuti yalephereka, dokotala wasankha njira yoti aone bwino asadule polakwika.

Polakwikapo ndi njira yaikulu ya ndulu: ikavulazidwa, kukonza kwake n'kovuta, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Kilipi ikhozanso kumasuka ndulu n'kumadontha m'mimba, kapena mwala kutsalira m'njiramo. Umenewo amautulutsa ndi chubu cha kamera chodzera pakamwa, njira yotchedwa ERCP. Mukatuluka ndipo ululu ukukula, mimba yatupa, bala likutuluka mafinya kapena maso achita chikasu, bwererani. Kuwawa kwa phewa masiku oyamba n'chifukwa cha mpweya uja, kumatha. Ena amatsegula m'mimba kwa kanthawi, poti ndulu tsopano imangotsikira m'matumbo kuchokera kuchiwindi; idyani pang'onopang'ono, mafuta ochepa.

Zakumwa mafuta a olive ndi mandimu zomwe zikuyenda pa WhatsApp, zisiyeni. Timibulu timatuluka tija ndi mafuta omwewo owundana, miyala yanu ikadali mkati.

Chomwe chimandiwawa ndi kubwerera kuntchito msanga. Wa timabowo amafuna sabata imodzi kapena ziwiri, wong'ambidwa masabata 4 mpaka 6 osanyamula zolemera, apo ayi bala limafooka n'kutuluka chotupa. Wa maganyu kuno akapanda kugwira salandira, chimodzimodzi mayi wothyola tiyi ku esiteti, dengu lili kumsana. Ndiye inu a kumudzi, mwana wanu akachitidwa opaleshoni kuno, mwezi umenewo musamukakamize za Mukuru. Ndipo ife tili kuno, mayi akachitidwa kumudzi, titumize ndalama yolipira wina wowatungira madzi ndi kuwasenzera nkhuni mpaka masabatawo akwane.